Kuyendetsa Timu Yosauka pa Kompyuta

Mwa masewera a pa kompyuta okhudza mpira wamiyendo, alipo ena amene munthu samenyamo mpira ngakhale kamodzi. Iye amakhala pa mpando wa manijala: amasankha osewera, amakonza kaseweredwe, amawerengera ndalama, kenaka n'kumaonerera chimene nzeru zake zabala. Otchuka kwambiri mwa masewera otere ndi Football Manager.

Dzinali linayamba kumveka mu 1982, pamene Kevin Toms wa ku England anatulutsa masewera ake. M'masewerawo, ngakhale munthu asankhe timu yotchuka motani, ankayambira mu ligi yachinayi. Mu 1992 abale awiri, Paul ndi Oliver Collyer, anatulutsa Championship Manager, ndipo mu 2004 kampani yawo ya Sports Interactive inayamba kugwiritsa ntchito dzina la Football Manager. Lero munthu angathe kuyamba ndi timu yolemera monga Real Madrid. Koma alipo ambiri amene amakana ulemerero wotere, nasankha katimu ka mu National League North kapena South, pa mlingo wachisanu ndi chimodzi wa mpira wa ku England.

Kumeneko ndiye kuli mavuto. Osewera ambiri mpira sindiyo ntchito yawo yeniyeni, choncho amakonzekera masiku owerengeka okha pa sabata. Ndalama zogulira osewera kawirikawiri palibe, ndipo akuluakulu a timu amaika malire a malipiro. Manijala amafunafuna osewera amene matimu ena anawataya, amawayesa kwa masabata angapo, ndipo ena amachita kubwereka ku matimu akuluakulu. Akapatsa womwetsa zigoli mmodzi malipiro onona, ndiye kuti otchinga kumbuyo awiri sawapeza. Ochemerera akachepa pa bwalo, thumba limaphwa. N'chifukwa chake maere a chikho cha FA Cup amadikiridwa ndi mtima wothamanga, pakuti kukumana ndi timu yaikulu kumabweretsa ndalama za pachipata zimene zingasunge timu kwa miyezi.

Chowawa kopambana chimadza pamene mnyamata amene manijala anamutola ali wosadziwika wayamba kuwala. Timu yolemera imabwera ndi ndalama zake. Kumukaniza n'kumuwawitsa mtima ndiponso kusiya ngongole zikukula; kumugulitsa n'kutaya amene akanakweza timu. Manijala wochenjera amagulitsa, koma amalembetsa m'pangano kuti mnyamatayo akadzagulitsidwanso, gawo la ndalamazo lidzabwere kwawo. Wolephera pa zonsezi timu imatsika ligi, iye n'kuchotsedwa ntchito.

Palinso chiyeso china chimene manijala weniweni sachidziwa. Pa kompyuta, timu ikagonja, munthu angathe kubwerera pomwe anasungira masewera ake n'kuyambiranso mpaka atapambana. Palibe amene angamuone. Komabe okonda matimu ang'onoang'ono anadziikira okha malamulo: kugonja kulandiridwe monga momwe kwadzera, ndipo wosewera asagulidwe chifukwa cha mphekesera za kunja kwa masewera, koma yekhayo amene ofufuza a timuyo amuona ndi maso awo. Iwo amati chikho chopezeka mwachinyengo chilibe kukoma, pakuti mwini wake amadziwa mmene chinabwerera.

Kodi kukwera kuchokera pansi chotere ndi maloto chabe? Iyayi. Wimbledon inalowa mu Football League mu 1977, inafika mu ligi yapamwamba mu 1986, ndipo mu 1988 inagonjetsa Liverpool 1-0 n'kutenga FA Cup. Luton Town inachoka pa mlingo wachisanu mu 2014, nifika mu Premier League mu 2023. Matimu onsewa zinawatengera zaka 9. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'zoona kuti pa kompyuta palibe banja limene limagona ndi njala manijala akachotsedwa. Koma wophunzira amene wangotsiriza sukulu, kapena mphunzitsi amene amasula timu ya sukulu ndi mpira umodzi wosokasoka, sangalephere kuzindikira funso limene masewerawa amafunsa: kodi munthu amachita chiyani ndi zochepa zimene ali nazo, makamaka pamene palibe womuyang'ana?