Khirisimasi yophikira pambaula, mphatso zopangira pakhonde

Mayi amene akufuna kuti alendo ake adzamwe thobwa pa 25 Disembala sadikira kuti belu la kutchalitchi lilire. Ntchito yake imayamba patatsala sabata imodzi kapena masabata awiri, pomwe amatapa mawere, mapira kapena chimanga n'kuviika m'madzi, kenako n'kufundika m'chiguduli kuti zimere. Pakapita masiku ochepa timizu toyera timatuluka, ndipo apo ndiye amayanika. Vuto ndi lakuti Disembala ndi mwezi wa mvula. Chimera chikapanda kuuma bwino chimachita chuku, choncho mwana mmodzi amapatsidwa ntchito ya ulonda: kuingitsa nkhuku komanso kuyang'ana kumwamba, kuti mtambo ukangoda aanule msanga.

Kuphika kwake kumafunanso mtima wodekha. Phala la ufa wachimanga likapsa, amalisiya kuti lipole kufikira chala chitatha kupiriramo, ndiyeno amathira chimera. Wothamanga magazi akathira chimera phala likadali lowira, wapha mphamvu imene imasandutsa ufa kukhala wotsekemera, ndipo m'mawa mwake amapeza phala lolimba lopanda kukoma. Likathiridwa pa nthawi yake, phalalo limasungunuka lokha n'kutsekemera ngakhale shuga asanalowemo. Ligona usiku, mawa lake aliwiritsanso. Mukalisiya masiku ambiri limayamba kuwawasa, kenako limaloza njira ya mowa, ndipo a mpingo ena sadzalikhudzanso.

Izi ndi zimene sizioneka pa zithunzi za Khirisimasi zimene masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre amapachika, zodzala ndi mitengo ya pulasitiki ndi thonje loyerekeza chipale chimene ambiri kuno sanachionepo. Khirisimasi ya mabanja ambiri m'dziko muno imapangidwira kukhitchini ndi pakhonde. Mtengo wake waukulu ndi nthawi ndi manja, ndipo tinene mosabisa, manja ambiri mwa amenewo ndi a amayi ndi atsikana, omwenso m'mawa uliwonse wa mwezi umenewu amakhala ali kumunda kupalira.

Chifukwa chake n'chakuti chikondwererochi chimafika pa nthawi yovuta. Ndalama zapita ku feteleza ndi mbewu, chimanga m'nkhokwe chayamba kuonetsa pansi, ndipo Januwale akudikira ndi fizi. Zaka zaposachedwapa zawonjezera katundu pamutu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023, patangotsala masabata owerengeka kuti Khirisimasi ifike, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Tirigu wambiri amene timadya amachokera kunja, motero fulawa, buledi, mabisiketi ndi makeke a m'sitolo ndi zimene zimayamba kumva kutentha kwacha ikagwa. Ngakhale shuga, yemwe amalimidwa konkuno ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, anasowa m'masitolo kumayambiriro kwa 2024, anthu n'kumaima pamizere kulimbirana paketi imodzi.

M'nyengo zotere chigumu chimabwezeredwa ulemu wake. Ena amachitcha chikondamoyo, ena chimimina, ndipo kaphikidwe kamasiyana banja ndi banja, koma phata lake ndi limodzi: ufa wa mgaiwa, soda, kamchere, shuga ngati alipo, nthochi zakupsa zofinya, ndi madzi kapena mkaka wowawasa. Sichifuna uvuni. Poto wopaka mafuta amaikidwa pamakala ochepa, pamwamba n'kuvundikira ndi chivundikiro kapena kachidutswa ka lata, n'kuunjikapo makala ambiri kuposa a pansi. Chinsinsi chonse chili pamenepo. Moto wapansi ukachuluka, pansi pamapserera m'kati mukadali phala. Wodziwa amabaya ndi kamtengo koyera pakati, kakatuluka kouma ndiye kuti chapsa. Soda naye ali ndi malire ake. Akachuluka chigumu chimafiira n'kumamveka ngati sopo pa lilime, ndipo ana, omwe sadziwa kunamiza munthu, amangochisiya pambale.

Amene akufuna keke yeniyeni ya fulawa, mazira ndi majarini koma alibe uvuni, kapena magetsi awathawa pa tsiku lomwelo, amadziwa njira ya mchenga. Mumphika waukulu amathiramo mchenga wouma, n'kuutenthetsa, kenako amakhazikapo chitini cha keke n'kuvundikira, makala pamwamba. Mchengawo umagawa kutentha mofanana, moti keke imafufuma bwino osapsa mbali imodzi.

Zitumbuwa zili ndi nkhani yake yomvetsa chisoni. Kale chinali chakudya chopulumutsa nthochi zimene zapsa kwambiri: kufinya, kusakaniza ndi mgaiwa, kuumba, kuponya m'mafuta. Koma matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndi kubzala ana a nthochi odwala, anasakaza minda ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, mpaka alimi anauzidwa kuti azule mitsinde yonse n'kuyambiranso. Nthochi zambiri za m'misika ya m'tauni zinayamba kubwera kuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Lero mayi wa ku Ndirande kapena ku Kawale akafuna kukazinga zitumbuwa amawerengera kawiri, nthochi ndi mafuta omwe. Apa mkate wa makolo umapambana, chifukwa suona mafuta ngakhale dontho. Ndi ufa ndi nthochi zomwezo, koma zokulunga m'masamba a nthochi n'kuwiritsa mumphika. Umakhalitsa, sunyenyeka paulendo, ndipo tsamba lake limaupatsa fungo limene pepala la pulasitiki silingapereke. Komanso mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60, analetsedwa mu 2015, ndipo Khothi la Suprimu linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti m'misika akadali mbwee.

Tisanamizane kuti chilichonse chophika pakhomo n'chotchipa. Mandasi amadya fulawa, shuga, isiti ndi mafuta ochuluka, ndipo mukawerengera makala, nthawi zina kugula kwa mayi wapamsewu kumakhala kwanzeru. Tisanamizanenso kuti ana adzasiya kulira Fanta chifukwa mwawafululira thobwa. Mwana wa kumudzi amene amamwa thobwa chaka chonse amaona Khirisimasi m'botolo la zakumwa za m'sitolo, mu buledi wopaka majarini, mu mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi nkhuku ya chikuda. Mwana wa m'tauni, amene buledi ndi wa m'mawa uliwonse, ndi amene amadabwa ndi mkate wa agogo. Aliyense amasirira chimene sachiona kawirikawiri, ndipo kholo lochenjera limagula kabotolo kamodzikamodzi ka mwambo, mimba n'kudzaza ndi za pakhomo.

Pa zonse zimene munthu angapange kuti apatse mnzake, mtedza ndi umene suchititsa manyazi. Wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, ndi wokoma kukazinga. Wa CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri, ndipo chiponde chake chimatuluka chofewa. Wokutira shuga savuta: mtedza, shuga ndi madzi pang'ono mu poto mmodzi, n'kumatakasa osaleka mpaka madzi aphwe, shuga ayere ngati mchenga, kenako asungunukenso n'kumata mtedzawo. Mukautsanulira pa thireyi kuti uzizire, n'kuuika m'botolo louma lotseka bwino, mphatso yatheka. Koma mtedza wa mu Disembala wakhala m'thumba kuyambira nthawi yokolola, choncho uyenera kusankhidwa ndi maso awiri. Wofota, wobooka, wakuda kapena wowawa ndi wotaya, pakuti chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumupha. Chizolowezi chotenga mtedza wotsalira posankha n'kusinjira ana chiyenera kutha.

Mango ndiye chuma chimene timachipondaponda. Kuyambira Novembala mpaka Januwale, ku Salima, ku Nkhotakota, ku Mangochi ndi m'maboma ena ambiri, mango amagwa n'kuolera pansi pamitengo, pamene jamu wa m'sitolo, wochokera ku South Africa, akugulidwa pa mtengo woboola thumba. Jamu amafuna mango akupsa opanda ulusi wambiri, shuga ndi madzi a mandimu. Mandimuwo amathandiza kuti jamu agwirane komanso kuti asaonongeke msanga. Amaphikidwa pamoto wodekha mpaka dontho lake likagwera pambale yozizira lisamayenderere. Mabotolo ndi zitsekerero zake ayenera kuwiritsidwa kaye. Amene anasunga malambe kapena bwemba kuyambira chilimwe ali ndi chakumwa cha ana chosafuna mankhwala opatsa mtundu, bola madzi ake akhale owiritsa kapena othira kulorini. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ndipo inakula kwambiri m'miyezi yomweyi ya mvula ndi maphwando, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mafirizesi opangidwa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa si mphatso.

Kumbali ya zinthu zosadya, mwambo wathu ndi wosiyana ndi wa m'mafilimu, kumene aliyense amatsegula bokosi lokulunga ndi pepala lonyezimira pansi pa mtengo. Kuno mphatso imafunsidwa poyera. “Khirisimasi yanga ili kuti, achimwene?” amatero mlongo mukakumana panjira, ndipo yankho limakhala kuseka, lonjezo, kapena kandalama kopinda m'dzanja. Chimene mwana amayembekezera kwenikweni ndi chovala chatsopano choti akaonekere nacho kutchalitchi, kaya ndi cha pakaunjika kaya chosoketsa. N'chifukwa chake matelala a m'makhonde a masitolo sagona mu Disembala, ndipo amene wapereka nsalu pa 20 asadandaule akauzidwa kuti abwere mawa, mawa lake n'kuuzidwanso zomwezo.

Pansi pa makina a telala yemweyo pamagwa chuma china. Tizidutswa ta chitenje totsala podula timakwana kachikwama ka ndalama, kathumba ka foni, kansalu komangira tsitsi, chogwirira poto wamoto, ngakhale epuloni ngati mwalumikiza tingapo. Singano ndi ulusi basi. Amayi a magulu a kumpingo, a Mvano ndi anzawo a m'mipingo ina, akhala akuphunzitsana kusoka ndi kuluka kwa zaka zambiri, ndipo tizipewa ta makanda, masokosi ndi nsalu zoyala pamipando zimene amaluka zimapezeka m'nyumba zambiri kuposa mphatso iliyonse yogula.

Ana aamuna sanadikirepo kuti munthu awagulire chidole. Galimoto ya mawaya, ya chiwongolero chachitali ndi matayala a zitsekerero za mabotolo kapena odula ku patapata wakutha, inatchuka mpaka kunja, moti wolemba wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto mu 1990. Pali mpira wachikulunga womanga ndi mapepala apulasitiki ndi zingwe, pali ng'ombe za dongo, zimene dothi lonyowa la Disembala limazikomera, pali ana a zitsononkho ovekedwa kansanza. Ine ndimaona kuti bambo kapena malume amene wapezera mwana waya wabwino ndi kapulayala, n'kukhala naye pakhonde madzulo awiri akupinda limodzi, wapereka zambiri kuposa amene wagula galimoto ya mabatire imene pofika pa 27 yathyoka gudumu, mabatire atha, mwana akulira.

Kwa akuluakulu mphatso yabwino ndi imene idzagwire ntchito. Mthiko ndi chipande zosemedwa bwino, lichero kapena dengu la nsungwi, mphasa ya bango, mkeka kapena chipewa cha mlaza ngati zimene zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi. Mbaula ya dongo ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba m'maboma osiyanasiyana, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndipo apongozi amene mwawapatsa adzakukumbukirani m'mawa uliwonse. Amene ali ndi kangachepe angapite ku Dedza Pottery kukagula makapu, kapena ku KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, kumene amisiri amasema ngakhale zithunzi za kubadwa kwa Yesu zokhala ndi nkhope ndi zovala za kuno kwathu. Koma mmisiri wa m'mudzi mwanu ali pafupi kuposa onsewo. Chimene chimandinyansa ndi munthu amene amalipira mwakachetechete mtengo wolembedwa pa shelefu ya sitolo yaikulu, koma akafika kwa agogo oluka malichero amanenerera mpaka thukuta, ngati kuti nsungwi zimadzidula zokha, kudzing'amba ndi kudziluka.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa Khirisimasi mawuwa amaoneka ndi maso. Masana a pa 25 ana amatumidwa ndi mbale zovundikira, iyi kwa a nebala, iyi kwa agogo amasiye a kuseri kwa mjigo, iyi kwa ankhoswe. Mbale yobwerera yopanda kanthu ndi yosowa: yapita ndi chigumu, yabwera ndi mpunga kapena mango. Mipingo ndi magulu ambiri amasonkhanitsanso zophika, sopo ndi shuga n'kukacheza ndi odwala m'zipatala ndi akaidi m'ndende.

M'madepoti a mabasi, sabata ya Khirisimasi, katundu amayenda mbali ziwiri. Wopita kumudzi wanyamula shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi buledi. Pobwerera pambuyo pa tchuthi cha pa 26 kapena chaka chatsopano chitalowa, yemweyo amakwera ndi nkhuku yomanga miyendo, kathumba ka ufa woyera, mtedza, mkate wa m'masamba ndi lichero latsopano lomangirira pamwamba pa chikwama, kondakitala akukangana naye kuti katundu yenseyo alipiridwe ngati munthu wachiwiri.