Ng'ala ya Agogo ndi Nkhani ya Patenti

Pa tchuthi chapitachi ndinawapeza agogo anga aakazi ali pakhonde kwathu ku Mbulumbuzi, akusankha nyemba m'lichero. Chaka chatha ntchito imeneyi sakanaitha. Diso lawo lamanja linali litayera ngati mkaka, lamanzere nalo linali litayamba, ndipo popita ku msika kapena ku tchalitchi ankachita kugwiridwa dzanja ndi mdzukulu wawo wa Sitandade 5, amene pa chifukwa chimenechi ankajomba ku sukulu kawiri-kawiri. Anthu ankangoti ndi ukalamba. Ena ankanong'ona za ufiti. Koma atapita ku chipatala anauzidwa kuti ndi ng'ala, ndipo opaleshoni yake sinathe ngakhale ola limodzi. M'mawa mwake atachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene ananena n'chakuti chitenje chawo n'chakuda.

Kodi adokotala anachita chiyani m'disomo? Mkati mwa diso, kuseri kwa kamwanadiso, muli kanthu koonekera ngati madzi oyera, kooneka ngati mbeu ya mphodza. Kanthu kameneka ndi kagalasi ka chilengedwe, ndipo ntchito yake ndi kusonkhanitsa kuwala kuti kugwe bwino kumbuyo kwa diso. Munthu akamakula, kapena akakhala ndi matenda a shuga, kapenanso akavulala, kagalasika kamachita chifunga. Chifunga chimenecho ndiye ng'ala. Palibe mankhwala odontheza kapena zitsamba zimene zingachichotse, ndipo ambiri aononga maso awo pothiramo madzi a masamba. Njira ndi imodzi yokha: kuchotsa kagalasi koonongekako.

Kuchotsa kokha madokotala anakudziwa kale-kale. Vuto linali lakuti diso lopanda kagalasi limangoona zizimezime, choncho wodwala ankapatsidwa mandala ochindikala ngati pansi pa botolo. Makolo amene mukuwerenga muwakumbukira mandala amenewa. Akasweka kapena kutayika, munthu uja ankabwerera ku khungu lake.

Amene anasintha zinthu anali Harold Ridley, dokotala wa maso wa ku England. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye anaona oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta zenera la ndege tinawalowa m'maso. Zeneralo linali la pulasitiki yotchedwa Perspex, ndipo chodabwitsa chinali chakuti diso silinkatupa kapena kukana tizidutswato monga limachitira ndi chitsulo kapena kamtengo. Ridley anaganiza kuti ngati diso likulola pulasitiki imeneyi, bwanji osasema kagalasi kuchokera ku iyo? Kampani ya Rayner inamusemera, ndipo pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas' mu mzinda wa London, anayamba opaleshoni yoika kagalasi kopanga m'diso la munthu. Madokotala anzake ambiri anamunyoza kwa zaka zochuluka, ati ntchito ya dokotala ndi kuchotsa zinthu m'diso, osati kuikamo. Ulemu anaulandira ali nkhalamba: Mfumukazi inamupatsa dzina la "Sir" mu 2000, ndipo anamwalira mu 2001. Chimene ine chandikhudza n'chakuti Ridley sanatenge patenti pa kagalasi kake.

Tsono patenti n'chiyani? Anzanga amene mumadandaula ndi Chilatini, apa chikuthandizani. Liwuli likuchokera ku "patere", kutanthauza kukhala chotsekuka, ndipo "litterae patentes" anali makalata osamata amene mfumu inkalemba kuti aliyense awerenge. Patenti ndi pangano pakati pa boma ndi munthu amene watulukira chinthu chatsopano. Wotulukirayo amalemba poyera mmene chinthucho chimapangidwira, osabisa kanthu, ndipo boma limamulonjeza kuti kwa nthawi yoikika, imene m'maiko ambiri ndi zaka 20, palibe wina adzaloledwa kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake. Zakazo zikatha, nzeru ija imasanduka ya aliyense. Mzinda wa Venice unali ndi lamulo lotere mu 1474. Tikayerekeza ndi sing'anga wa kumudzi amene amafa ndi chinsinsi cha mankhwala ake, tiona ubwino wa panganoli: nzeru siikwiriridwa pamodzi ndi mwini wake. Koma pa zaka 20 zija mwini patenti ndiye amatchula mtengo, ndipo wosauka amadikira.

Pambuyo pa Ridley panabwera ena amene anatenga mapatenti. Mu 1967 Charles Kelman wa ku New York anatulukira njira yophwanyira ng'ala mkati mwa diso momwemo ndi kasingano konjenjemera mwa liwiro loopsa, n'kuyamwa zophwanyikazo kudzera pa kabala kakang'ono. Nzeruyi inamubwerera ali pa mpando wa dokotala wa mano, ataona kachipangizo kotsukira mano. Kenaka panabwera Patricia Bath, mai wachikuda wobadwira ku Harlem mu 1942. Iye anaona kuti khungu linali lochuluka pakati pa anthu akuda osauka a ku Harlem kusiyana ndi madera a anthu olemera, ndipo chifukwa chake sichinali mtundu wao ai, koma kusowa kwa chithandizo. Mu 1988 analandira patenti ya chipangizo chotchedwa Laserphaco Probe, chosungunula ng'ala ndi kuwala kwa laser, ndipo anakhala dokotala woyamba wamkazi wachikuda ku America kulandira patenti ya za chipatala. Anamwalira mu 2019.

Komabe tinene zoona: si makina okwera mtengo ngati amenewa amene anatsekula maso a agogo anga. M'zipatala zambiri za mu Africa ndi India madokotala amachotsa ng'ala ndi manja, pocheka kabala kakang'ono kamene kamapola kokha, kawiri-kawiri popanda kusoka. Chimene chinkavuta chinali mtengo wa kagalasi. M'zaka za m'ma 1980 kagalasi kamodzi kochokera ku America kapena ku Ulaya kankaposa madola 100. Mu 1992 chipatala cha maso cha Aravind ku Madurai, m'dziko la India, chinatsekula fakitale yakeyake yotchedwa Aurolab, ndipo mu 1994 bungwe la Fred Hollows linatsekula ena ku Asmara, Eritrea, ndi ku Kathmandu, Nepal. Mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 10. Kagalasi kolimba ka pulasiki ya mtundu wa Perspex, kamene Ridley anasiya kopanda mwini, ndi kamene mafakitale amenewa anayamba kupanga mwaunyinji. Kuno kwathu Dr Moses Chirambo, amene anadzakhala nduna ya za umoyo mu 2009 n'kumwalira mu 2010, anagwira ntchito yaikulu yophunzitsa othandiza madokotala a maso ku Lilongwe, ndipo anthu a chigawo chathu chino akhala akuthandizidwa pa chipatala cha maso cha Lions Sight First, pa Queen Elizabeth ku Blantyre.

Ife a ku Chiradzulu nkhani ya patenti ndi mtengo tinaiona ndi maso athu pa nthenda ina. Cha m'ma 2000 mankhwala otalikitsa moyo a anthu odwala Edzi ankagulidwa madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, chifukwa anali pansi pa mapatenti a makampani akulu-akulu. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, kumene lamulo la nthawi imeneyo linkalola kupanga mankhwala otere, inalengeza kuti ikhoza kuwagulitsa pa madola 350 pa chaka. Chaka chomwecho bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere m'boma lathu la Chiradzulu, boma la Malawi lisanayambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Mu Novembala 2001 maiko anagwirizana ku Doha kuti malamulo a patenti asaletse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. Amalume ndi azakhali ambiri amene akulima lero m'midzi yathu akanakhala ali kumanda mtengo uja ukanapanda kutsika. Sindikunena kuti otulukira mankhwala asalipidwe. Kufufuza kumadya ndalama zambiri ndi zaka zambiri. Koma amene anaikapo m'bale wake m'zaka zimenezo sangayankhule za patenti ngati nkhani ya maloya okha.

Nkhani ya makina a ku banki ndi yopepukirapo. Makolo amene mumapita ku Limbe kukatapa ndalama za fizi pa ATM, makina oyamba otchuka a mtundu umenewu anatsekulidwa pa 27 Juni 1967 pa banki ya Barclays ku Enfield, kumpoto kwa London. Amene anatsogolera ntchitoyo anali John Shepherd-Barron. Panalibe khadi: munthu ankalowetsa kapepala kapadera, n'kulandira mapaundi 10 basi. Shepherd-Barron ankafuna kuti nambala yachinsinsi ikhale ya manambala 6, koma mkazi wake Caroline anamuuza kuti iye angathe kukumbukira 4 okha. Naye sanatenge patenti. Amene anali ndi patenti anali James Goodfellow wa ku Scotland, amene mu 1966 analembetsa njira yogwiritsa ntchito khadi pamodzi ndi nambala yachinsinsi, yomwe lero timaitcha PIN. Popeza anali wolembedwa ntchito, phindu linali la kampani, ndipo iye mwini ankanena kuti anangopatsidwa bonasi ya mapaundi 10. Muzimukumbukira makinawo akamakulavulirani ma K2,000 okhala ndi nkhope ya John Chilembwe, munthu wa kwathu konkuno.

Nanga makinawo amadziwa bwanji kuti atulutsa mapepala 10, osati 11? M'kati mwake muli tizipangizo totchedwa masensa. Sensa ndi kachipangizo kamene kamamva chinthu, kaya kuwala, kutentha kapena kulemera, n'kuchisandutsa uthenga wa magetsi umene makina angawerenge. Mu ATM sensa ina imawerenga pepala lililonse likamadutsa n'kutchinga kuwala, ina imayeza kuchindikala kwake kuti ngati mapepala awiri amatirirana awaponye m'bokosi lapadera.

Sensa imene ambiri tinaidziwa pa nthawi ya Covid-19 ndi kaja kopana chala, kotchedwa pulse oximeter. Kanatulukiridwa ndi Takuo Aoyagi wa kampani ya Nihon Kohden ku Japan, ndipo pempho la patenti linaperekedwa mu 1974. Kamawalitsa mitundu iwiri ya kuwala kudutsa m'chala, kwina kofiira, kwina kosaoneka ndi maso. Magazi okhala ndi okosijeni wokwanira amameza kuwala kuwiriku mosiyana ndi magazi operewera, ndipo nzeru ya Aoyagi inali yoyeza gawo lokhalo limene limasintha mtima ukagunda, chifukwa limenelo ndiye la magazi, osati la fupa kapena mnofu. Koma pano pali chenjezo kwa ife. Mu 2020 madokotala a pa yunivesite ya Michigan anapeza kuti kachipangizoka kamalephera kuonetsa kuperewera kwa okosijeni mwa odwala akuda pafupi-fupi katatu kuposa mwa azungu. Kanayesedwa makamaka pa anthu a khungu loyera. Choncho wodwala akamapuma movutika, namwino asakhulupirire nambala yokhayo.

Apa ndi pamene ndikuona kuti kugula nzeru za ena kokha sikukwanira. Ndipo si kuti kuno kulibe otulukira. William Kamkwamba anamanga makina a mphepo opangira magetsi kwao ku Masitala, Kasungu, ali mnyamata wosiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi buku la mu laibulale. Pa Queen Elizabeth, madokotala athu pamodzi ndi a yunivesite ya Rice ku America anakonza makina otchipa othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, ndipo anawatcha dzina la Chichewa: Pumani. Poyambirira mpweya wake unkachokera ku timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba.

Lamulo la mapatenti limene Malawi anayamba nalo linalembedwa mu 1957, nthawi ya Chitaganya, ndipo kalembera wake anaikidwa m'manja mwa ofesi ya Registrar General. Dziko lathu lilinso membala wa bungwe la ARIPO, limene likulu lake lili ku Harare. Kudzera mu pangano la ku Harare la 1982, munthu akhoza kupereka pempho limodzi n'kutetezedwa m'maiko angapo a mu Africa. Kuti pempho livomerezedwe, chinthucho chiyenera kukhala chatsopano pa dziko lonse, chisakhale chimene mmisiri aliyense wa ntchitoyo akanachiganiza mosavuta, ndiponso chikhale chotheka kupangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito. Mfundo yoyambayo ndi imene imagwetsa ambiri. Mnyamata wa Fomu 3 amene wapanga kachipangizo kodziwitsa kuti madzi adzadza m'thanki, akakaonetsa pa chionetsero cha sayansi kapena kuika chithunzi chake pa Facebook asanapereke pempho, m'maiko ambiri amaonedwa kuti waulula yekha, ndipo chinthucho sichikhalanso chatsopano pamaso pa lamulo. Ayambe walemba zonse m'kope, ndi masiku ake ndi zojambula zake, akambirane mwachinsinsi ndi aphunzitsi ake a sayansi, ndipo apereke pempho tsiku la chionetsero lisanafike.