Jazz

Jazz ndi mtundu wa nyimbo womwe unayambira pakati pa anthu akuda mumzinda wa New Orleans, m'chigawo cha Louisiana ku United States, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chimene chimasiyanitsa jazz ndi nyimbo zina zambiri ndi chakuti woimba amapeka mbali ina ya nyimbo nthawi yomweyo akuimba. Pachifukwa ichi nyimbo imodzi simveka chimodzimodzi kawiri, ndipo jazz yakhala ikusintha m'badwo uliwonse.

Chiyambi

New Orleans unali mzinda wa doko momwe munkakhala anthu ochokera ku Africa, ku Ulaya ndi ku zilumba za Caribbean. M'nthawi ya ukapolo, akapolo ankasonkhana Lamlungu pabwalo la Congo Square kukaimba ng'oma ndi kuvina. Ukapolo utatha mu 1865, miyambo imeneyi inasakanikirana ndi nyimbo za kutchalitchi, blues, ragtime ndiponso magulu a malipenga omwe ankaimba pamaliro ndi pazikondwerero. Buddy Bolden, woliza lipenga, amatchulidwa kuti ndi mmodzi wa oyambitsa jazz, ngakhale palibe chimbale chake chomwe chinapezeka. Chimbale choyamba cha jazz chinatuluka mu 1917 ndipo chinajambulidwa ndi gulu la azungu lotchedwa Original Dixieland Jass Band.

Chicago ndi Louis Armstrong

Anthu akuda ambiri atayamba kusamukira kumpoto pofuna ntchito komanso pothawa tsankho, oimba nawonso anasamuka. Mu 1922 Louis Armstrong anachoka ku New Orleans kupita ku Chicago kukalowa gulu la King Oliver. Poyamba zoimbira zonse zinkalira limodzi, chilichonse ndi njira yake. Pa zimbale zomwe Armstrong anayamba kujambula mu 1925 ndi gulu lake la Hot Five, anaonetsa kuti woimba mmodzi angathe kutsogola yekha anzake akumuperekeza. Kuyambira pamenepo, kupatsana mpata woti aliyense aimbe payekha kunakhala maziko a jazz.

Swing

M'zaka za m'ma 1930 kunabwera swing, yomwe inkaimbidwa ndi magulu aakulu a anthu oposa khumi. Inali nyimbo yovinira ndipo inafala kwambiri kudzera pa wailesi. Atsogoleri otchuka anali Duke Ellington, yemwe anatchukira ku Cotton Club ku Harlem, Count Basie ndi Benny Goodman. Mu 1938 Goodman anaimba ku Carnegie Hall ku New York limodzi ndi oimba akuda ndi azungu, pa nthawi imene tsankho linali lalikulu. Ella Fitzgerald ndi Billie Holiday anatchukanso m'nyengo yomweyi.

Bebop ndi mitundu yotsatira

M'zaka za m'ma 1940 oimba achinyamata monga Charlie Parker, Dizzy Gillespie ndi Thelonious Monk ankakumana usiku ku Minton's Playhouse ku Harlem. Kumeneko kunakulira bebop, nyimbo yothamanga komanso yovuta kuimba, ya magulu ang'onoang'ono. Apa jazz inasiya kukhala yovinira chabe n'kukhala yoti anthu akhale pansi ndi kumvetsera.

Kenako jazz inagawika panjira zingapo. Cool jazz, yomwe Miles Davis anathandiza kuyambitsa, inali yodekha. Hard bop ya Art Blakey ndi Horace Silver inabwerera ku blues ndi nyimbo za kutchalitchi. Mu 1959 Davis anatulutsa chimbale cha Kind of Blue, ndipo chaka chomwecho Ornette Coleman anatulutsa The Shape of Jazz to Come, chomwe chinatsegula njira ya free jazz, momwe oimba amasiya malamulo ambiri akale. Mu 1970 Davis anatulutsa Bitches Brew pogwiritsa ntchito gitala ndi piyano zamagetsi. Mtundu uwu, wosakaniza jazz ndi rock, umatchedwa fusion. Ena anaukonda, pomwe ena ankati si jazz yeniyeni, monga momwe ena ananenera za bebop itangoyamba.

Jazz m'maiko ena

Jazz ikafika kwina imatenga kaimbidwe ka komweko. Mu 1947 Gillespie anaimba ndi Chano Pozo, katswiri wa ng'oma wa ku Cuba, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Stan Getz anafalitsa bossa nova ya ku Brazil. Ku South Africa, Hugh Masekela ndi Abdullah Ibrahim anali m'gulu la Jazz Epistles asanachoke m'dziko lawo chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Ku Malawi, dzina la jazz linagwiritsidwanso ntchito ndi magulu a kwela, monga Kwela Heritage Jazz Band ya Donald Kachamba ku Chileka.

Mu 2011 bungwe la UNESCO linakhazikitsa 30 April kukhala tsiku la jazz padziko lonse, ndipo limakumbukiridwa chaka chilichonse.