Njinga ya katundu imafera kumbuyo

Matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 100 pa kaliyala, mwini njinga asanakhalepo n'komwe. Pafupifupi kulemera konseko kumatsamira gudumu lakumbuyo, ndipo ndalama yoyamba iyenera kupita kumeneko. Penti ndi belu zingadikire.

Masipoko ndiwo amayamba kugonja. Imodzi ikakhwepa, zinzake zimasenza gawo lake mpaka kuyamba kuduka, rimu n'kupindika. Sipoko ndi yotchipa, koma ikadukira pakati pa ulendo, tomato amafika msika utatha. Wamalonda wochenjera amatsina masipoko awiriawiri asananyamuke, ndipo yofewa amakamangitsa kwa makaniko tsiku lomwelo. Tayala nalo lipopedwe mokwanira, chifukwa lofewa limatsinitsa chubu ndi rimu pa mabampu.

Kaliyala ya njinga ya Buffalo inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Zambiri zobwera ndi njinga wamba sizifika pamenepo, n'chifukwa chake ambiri amakawotcheretsa yachitsulo cholimba. Koma miyendo yake imangidwe ndi mabawuti. Kuwotcherera pa felemu penipeni kumafooketsa chitsulo, ndipo felemu ikathyoka, yokonza imaposa ya kaliyala.

Pomanga, zolemera zikhale pansi, mbali zonse ziwiri mofanana, malegeni atakokedwa zolimba. Mulu wautali umagwedeza njinga pokhota.

Mabuleki sagwira bwino rimu ikanyowa. Potsetsereka nthawi ya mvula, ndi bwino kutsika n'kumakankha.