Sitima ya Al Boraq ndi Midzi ya M'mapiri a Atlas

Ine ndimaona kuti dziko la Morocco silinalakwitse pomanga njanji ya Al Boraq. Chiyambire 2018, sitimayi imathamanga makilomita 320 pa ola pakati pa Tangier ndi Kenitra, moti ulendo wochokera ku Tangier kupita ku Casablanca, womwe unkadya pafupifupi maola 5, tsopano ndi wa maola 2 ndi mphindi 10. Ena amati ndalama zomangira njanjiyi zikanapita kumidzi ya m'mapiri a Atlas, kumene chivomezi cha 2023 chinapha anthu pafupifupi 3,000, thandizo n'kuchedwa chifukwa cha misewu yoipa. Dandauloli limandikhudza kwambiri. Komabe misewu ya kumapiri imamangidwa ndi msonkho, ndipo apaulendo atasamukira ku Al Boraq, njanji yakale inapeza mpata wonyamula katundu wa padoko la Tanger Med, limodzi mwa magwero a msonkhowo.