Mutu 6: Mwana Akamachita Chibwibwi M'kalasi

Ntchito ya katswiri wothandiza ana asukulu pa kalankhulidwe ili ndi ndondomeko yake, ndipo tiitsata mmene imayendera: kumvetsera mwana, kupeza vuto, kukonza zochita, kenako kugwirizana ndi aphunzitsi ndi makolo.

Kumvetsera kumayambira kumakutu a mwanayo. Mwana amene amadwaladwala makutu, mafinya kapena madzi n'kumadzaza m'kati, amamva mawu moperewera, ndipo chimene sanachimve bwino sangachitchule bwino. N'chifukwa chake katswiri amayamba wamutumiza kokayezetsa makutu. Amafunsanso chilankhulo cha kunyumba. Mwana wolankhula Chichewa akasinthanitsa l ndi r powerenga Chingerezi, pamenepo palibe matenda. Vuto lenileni limaoneka m'zilankhulo zonse zimene mwana amalankhula, ndipo kukula ndi zilankhulo ziwiri sikulemaza lilime la munthu.

Koma pamene anthu timalakwitsa kwambiri ndi pa chibwibwi. Ena amati mwana anaopsezedwa ali wakhanda, ena amati anatengera potsanzira mnzake, ena mpaka amafuna kudula kamnofu ka pansi pa lilime. Zonsezi n'kuphonya. Chibwibwi chimachokera m'mene ubongo umayendetsera minofu yolankhulira, ndipo nthawi zambiri chimayenda m'magazi a banja. Chimakonda kuyamba mwana ali ndi zaka za pakati pa 2 ndi 5. Pa ana 100, pafupifupi 5 amachita chibwibwi kwa kanthawi, ambiri chimawathera chokha, ndipo pa akuluakulu 100 amatsala nacho ndi mmodzi. Amuna ndiwo ochuluka pa otsala nachowo.

Tsono taonani zimene mphunzitsi wokoma mtima amachita. "Puma kaye. Yambanso pang'onopang'ono. Uziganiza usanalankhule." Mwanayo anaganiza kale! Yankho ali nalo, mawu ndiwo akakamira pakhosi. Kumuuza kuti aganize kuli ngati kukalipira munthu amene njinga yake yaduka tcheni kuti azipalasa mwamphamvu. Choipa china, chimene aliyense amachita mosadziwa, ndicho kumumalizira mawu. Mwana akuti "ndi-ndi-ndi", ife tathamanga kale kuti "ndikufuna kutuluka?" Mwina amafuna kunena zina. Zikachitika kangapo, mwana amaphunzira kuti anthu alibe nthawi yomudikira, ndiye amasiya kukweza dzanja. Pakutha pa chaka mphunzitsi amalemba kuti ndi wamanyazi kapena wosakhoza.

Mu 1939 ku Iowa, m'dziko la America, Wendell Johnson ndi wophunzira wake Mary Tudor anachita kafukufuku pa ana amasiye 22. Ena mwa anawo ankalankhula bwinobwino, koma ankauzidwa mobwerezabwereza kuti ayamba chibwibwi ndipo asamatsegule pakamwa ngati sakutsimikiza kuti atchula molondola. Johnson ankakhulupirira kuti chibwibwi chimayambitsidwa ndi akuluakulu odzudzula mwana, maganizo amene akatswiri anawakana pambuyo pake. Chimene chinaoneka n'chakuti anawo anayamba kuopa kulankhula. Yunivesite ya Iowa, kumene Johnson ankagwira ntchito, inapepesa mu 2001. Kudzudzula sikubala chibwibwi ayi, koma kumatseka mwana pakamwa, ndipo katswiri wa pasukulu amalimbana kwambiri ndi kutsekeka pakamwako kuposa chibwibwicho.

Pali chinthu china chodabwitsa. Anthu ambiri achibwibwi akamaimba, kapena kuwerenga limodzi ndi anzawo, mawu amatuluka myaa. M'makalasi athu odzaza, momwe ana amabwereza mawu onse pamodzi, mwana wotere amabisala kwa zaka osadziwika, mpaka tsiku limene amuimiritsa yekha. Pamenepo wina amati amachitira dala, poti kukwaya amaimba bwino. Si dala. Katswiri amagwiritsa ntchito chinthu chomwechi pouza mphunzitsi kuti mwanayo aziwerenga ndi mnzake, awiri nthawi imodzi, ndiponso kuti asamamusiye kumapeto kwa mzere wa owerenga, chifukwa kudikira kumakulitsa mantha. Ngakhale poitana mayina m'mawa, mwanayo amaloledwa kungokweza dzanja.

Kwa ana aang'ono pali njira yotchedwa Lidcombe, yochokera ku Sydney ku Australia. Kholo ndilo limaphunzitsidwa kucheza ndi mwana tsiku lililonse kwa mphindi zochepa, kumuyamikira akalankhula mosadodoma, ndi kumukonza mwa apo ndi apo mofatsa. Kwa okulirapo cholinga chimasintha. Mfumu George VI ya ku Britain inathandizidwa kwa zaka zambiri ndi katswiri wa kalankhulidwe Lionel Logue, koma chibwibwi sichinatheretu. Inangofika poyankhula pawailesi mtundu wonse ukumva. Mwana wa Sitandade 7 akamayankha mafunso m'kalasi, ngakhale akudodoma, ntchito yayenda.

Zoona, katswiriyu amathandizanso ana ovutika kumvetsa ndi kulumikiza ziganizo, amene ndi ambiri kuposa achibwibwi, komanso osalankhula n'komwe, amene amawaphunzitsa kugwiritsa ntchito zithunzi ndi zizindikiro za manja. Amalemba malipoti ndi kukhala pamisonkhano. Ku Malawi akatswiri oterewa ndi ochepa kwambiri, moti gawo lalikulu la ntchitoyi limagwera aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, monga amene amaphunzitsidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.