Wodwala khansa akabwerera kumudzi, chisamaliro chisathere pomwepo

M'midzi yozungulira Chimbiya, mawu akuti "kuchipatala atibweza" amamveka ngati uthenga wa maliro. Achibale amayamba kuwerenga masiku. Komatu munthu wodwala khansa atha kukhala miyezi kapena zaka, ndipo kuwawa kapena kupepuka kwa masikuwo kumadalira womusamalira, amene kawirikawiri amakhala mayi, mchemwali kapena mwana wasukulu wosaphunzira unamwino.

Khansa zofala m'dziko muno ndi ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi ndi ya kummero. Ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, choncho ntchito yaikulu imatsalira kunyumba. Khansa sipatsirana pogwirana kapena kudyera mbale imodzi, ndiye palibe chifukwa chomusala wodwala.

Choyamba ndi ululu. Kubuula usiku wonse si gawo la matenda loti munthu azingopirira. Zipatala za boma zimapereka morphine wakumwa kwaulere, ndipo malo ngati Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre aonetsa kuti ululu wa khansa umatheka kuuchepetsa. Morphine wamadziyu amamwedwa maola anayi aliwonse motsata wotchi, osadikira kuti ululu ubwerere. Mukatsata muyezo wa dokotala, safulumizitsa imfa monga ena amanenera. Vuto lake ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo wodwala azimwa madzi ndi kudya zipatso monga papaya. Botolo lisungidwe patali ndi ana, ndipo mukatengeretu lina lisanathe.

Chachiwiri ndi khungu. Amene sangathe kudzuka azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, apo ayi amatuluka zilonda m'chiuno, kumsana ndi kuzidendene. Pamphasa yalani zofewa, ndipo chitenje chikanyowa sinthani msanga. Chilonda chitsukidwe ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Chikamanunkha uzani anamwino; nthawi zambiri amalangiza kupera mapiritsi a metronidazole n'kuwaza pachilondapo. Fungo likachepa, anthu amayambanso kulowa kudzamuona.

Chachitatu ndi chakudya. Kumukakamiza mtanda wa nsima kumangoyambitsa mkangano. Mpatseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lothira nsinjiro, mbatatesi yophwanya imene kuno sisowa, nthochi, dzira, thobwa. Wa khansa ya kummero amafuna zamadzimadzi, ndipo azidya atakhala tsonga kuti asatsamwe. M'kamwa muzitsukidwa ndi madzi amchere akatha kudya, chifukwa zilonda za m'kamwa n'zimene zimaletsa ambiri kudya.

Kuzizira kwa ku Dedza mu June ndi July nakonso n'koopsa mwanjira ina. Mbaula yamakala m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wakupha wosamveka fungo. Kuli bwino kuwonjezera bulangete.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche. Amene akulandira mankhwala a khansa a m'diripi, monga amaperekera ku Kamuzu Central ku Lilongwe, chitetezo chake chimatsika, ndipo kutentha thupi kokha n'chifukwa chokwanira chothamangira kuchipatala. Chimodzimodzi kutaya magazi ambiri, kusanza kosalekeza, kulephera kukodza, kubanika kapena miyendo kufooka mwadzidzidzi. Amene ali pa ma ARV asasiye, ndipo ngati akumwa mankhwala azitsamba, adokotala adziwe.

Wosamalirayo nayenso ndi munthu. M'makalasi mwathu timaona atsikana akujomba masabata chifukwa ndiwo asiyiridwa agogo kapena mayi odwala, pamene akuluakulu ali kumunda kapena kumsika. Banja likhale pansi n'kugawana masiku, abambo nawo alowemo, chifukwa kunyamula ndi kutembenuza wodwala kumafuna mphamvu. Amayi a Chigwirizano ndi a m'miphakati akabwera kudzapemphera, atungeko madzi ndi kuchapako zofunda. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amudziwe wodwalayo.

Pomaliza, wodwala afunsidwe maganizo ake. Ambiri amadziwa kuti zinthu sizili bwino, ndipo kuwabisira kumawalanda mpata wokonza za ana, munda ndi ngongole. Musamakambirane za iye pakhonde ngati kuti palibe. Khalani naye pafupi, mumufunse pamene pakuwawa ndi chimene akufuna, kenako mumvetsere.